Thanki yanu yoyamba ya nsomba isakhale ndi timiyala

Aliyense amene akufuna kuyamba kuweta nsomba m'thanki yagalasi amauzidwa zofanana: yamba wathira timiyala pansi, ubzalemo zomera, kenako uthire madzi. Mavidiyo a pa YouTube ndi zithunzi za pa Facebook nazonso zimaonetsa zomwezo, timiyala toyera, tobiriwira, tina tofiira ngati maswiti. Ine maganizo anga ndi osiyana. Ngati ndinu wophunzira, kapena muli m'kalabu ya sayansi ya pasukulu panu, ndipo mukukonza thanki yanu yoyamba, timiyalato tisiyeni. Pansi pakhale galasi lokhalokha. Zomera zimakula ndithu, nsomba zimakhala ndi moyo, ndipo inuyo mudzaona ndi maso zinthu zimene m'buku la Biology mumangoziloweza.

Ndikudziwa funso limene lakufikirani kale: "Nanga chomera chopanda pobzala chizidya chiyani?" Funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi. M'kati mwake mwabisala maganizo amene ana ambiri amakula nawo, akuti chomera chimadya dothi. Maganizo amenewa amalepheretsa anthu mayeso, komanso amapha nsomba zambiri m'mathanki a anthu ongoyamba kumene.

Chomera sichidya dothi

M'zaka za m'ma 1600, wasayansi wina wa kudera limene lero ndi Belgium, Jan Baptist van Helmont, anaumitsa dothi lolemera pafupifupi makilogalamu 91 n'kulithira mumphika waukulu. Anabzalamo kamtengo ka willow kolemera makilogalamu 2.3, ndipo kwa zaka 5 ankangothirira madzi basi. Atazula mtengowo anapeza ukulemera pafupifupi makilogalamu 77. Dothi lija ataliumitsanso n'kuliyeza, linali litachepa ndi magalamu 57 okha. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1648, mwiniwake atamwalira kale. Tangoganizani: mtengo wawonjezera makilogalamu oposa 74, pamene dothi lachepa mofanana ndi kulemera kwa dzira limodzi la nkhuku. Ndiye kunenepako kunachokera kuti?

Van Helmont anati kunachokera m'madzi. Pamenepo anakhoza theka. Theka linalo linadziwika pambuyo pake: chomera chimatenga mpweya wa carbon dioxide, n'kuuphatikiza ndi madzi mothandizidwa ndi kuwala, n'kupanga shuga. Shuga ameneyo ndi amene chimamangira tsinde, masamba ndi mizu. Ndi photosynthesis ija mumaphunzira m'kalasi. Mu 1779 Jan Ingenhousz anaonetsa kuti masamba omizidwa m'madzi amatulutsa timathovu ta mpweya akakhala padzuwa, koma akakhala mumdima amasiya. Timathovuto ndi okosijeni.

Magalamu 57 aja nawo tisawapeputse. Chomera chimafuna michere ingapo, pang'onopang'ono koma mosalekeza: nayitrojeni, fosifolasi, potaziyamu, ayironi ndi ina. Zilembo N, P ndi K zimene mumaziona pa thumba la feteleza zikuimira itatu yoyambirirayo. Koma mizu siitafuna dothi kuti ipeze micherayi. Imaiyamwa itasungunuka kale m'madzi. Cha m'ma 1860, asayansi awiri a ku Germany, Julius von Sachs ndi Wilhelm Knop, anakulitsa mbewu m'madzi osungunuliramo michere popanda dothi ngakhale pang'ono. Mu 1937 William Gericke wa ku California anatchukitsa dzina lakuti hydroponics, ulimi wa m'madzi, umene lero anthu amalimira tomato ndi letesi.

Simukufunika labotale kuti mutsimikize. Thyolani kanthambi ka kholowa, muviike kumunsi kwake m'botolo la madzi, muike pawindo. Pakatha sabata mudzaona timizu toyera tatuluka. Dothi lili ndi ntchito ziwiri zikuluzikulu: ndi nkhokwe yosungira madzi ndi michere, komanso ndi pogwira kuti chomera chisagwe. M'thanki, madzi ali kale paliponse. Ndipo timiyala totsukatsuka ta m'sitolo tilibe chakudya chilichonse. Ntchito yake pa chomera ndi kuchigwira kuti chisayandame, yomwe kaulusi kakhoza kuigwira.

Masamba amene amamwa

Gwirani tsamba la chimanga kapena la mango. Mudzamva kuti ndi losalala, ngati lapakidwa phula. Kansalu ka phulako, cuticle, kamateteza tsamba kuti lisaume padzuwa. Chomera chimene chimakhala pansi pa madzi sichiopa kuuma, choncho cuticle yake ndi yopyapyala kwambiri. Michere ndi mpweya zimalowa kudzera m'masamba ndi tsinde lomwe. Chomera chonse chimagwira ntchito imene pamtunda imagwiridwa ndi mizu.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi hornwort, dzina lake la sayansi Ceratophyllum demersum. Chomera ichi chimapezeka m'makontinenti ambiri, ngakhalenso m'madzi a kuno kwathu. Chilibe mizu ngakhale umodzi. Chimangolenjekeka m'madzi, masamba ake ang'onoang'ono ngati singano atazungulira tsinde. Mukachikwirira m'timiyala, mbali yokwiriridwayo imangowola.

Kuchepa kwa masambako kuli ndi chifukwa. Carbon dioxide amayenda pang'onopang'ono m'madzi, pafupifupi ka 10,000 kuyerekeza ndi mumpweya. Chomera cha pansi pa madzi chimavutika kumupeza, ndiye chimagawa masamba ake kukhala timizeremizere kuti malo okhudzana ndi madzi achuluke. N'chifukwa chakenso zomera zoyandama pamwamba zimakula mofulumira kuposa zomira: masamba ake amapuma mpweya wa kunja, mizu yake ikumwa michere m'madzi.

Feteleza wake ndi nsomba

Nanga michere ya m'thanki imachokera kuti? Kwa nsomba. Nsomba ikadya, thupi lake limaphwanya mapuloteni n'kutsala ndi amoniya. Wambiri imamutulutsa kudzera m'ziwalo zopumira zija za m'mbali mwa mutu, zimene timachotsa tikamakonza nsomba. Ndowe zake ndi chakudya chotsala zikamawola zimawonjezeranso amoniya. Amoniya ndi poizoni kwa nsomba, ndipo ululu wake umakula madzi akatentha komanso pH ikakwera.

M'thanki yokhazikika muli mabakiteriya amene amasintha amoniya kukhala nitrite, amene nayenso ndi poizoni. Muli enanso amene amasintha nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimatha kumupirira bola asachuluke. Mayina monga Nitrosomonas ndi Nitrobacter mumakumana nawo pa mutu wa nitrogen cycle. Mabakiteriyawa amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti achuluke mokwanira m'thanki yatsopano. N'chifukwa chake munthu amene wadzaza nsomba tsiku loyamba lomwelo amazitola zitafa sabata yachiwiri.

Zomera zimalowa pamenepa. Kwa izo, amoniya ndi nitrate ndi chakudya, nayitrojeni yemweyo amene alimi amagula m'thumba. Chinthu chimene chikanapha nsomba chimasanduka tsamba latsopano. Ndipo zomera zimene zimamwa ndi masamba kapena ndi mizu yolenjekeka zimachotsa zimenezi m'madzi mwenimwenimo, mmene nsomba zikupumira.

Chonde, musatape feteleza wa kumunda n'kuthira m'thanki poganiza kuti mukuthandiza zomera. Urea akalowa m'madzi amasanduka amoniya, nsomba n'kuthera pomwepo.

Chimene timiyala timabisa

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thanki ya timiyala imaoneka yoyera pamwamba, koma ndowe za nsomba ndi nyenyeswa za chakudya zimalowa m'mipata ya timiyalato n'kumawolera momwemo. Munthu wodziwa amakhala ndi chipangizo chokokera zinyalalazo sabata iliyonse. Wongoyamba kumene saziona n'komwe. Amangodabwa madzi achita mbuu, nsomba zikupumira pamwamba. Timiyala tikakhala tambiri komanso tothinana, pansi penipeni okosijeni safikapo, ndipo mabakiteriya ena amatha kupangapo mpweya wonunkha ngati dzira lowola, hydrogen sulphide.

Pa galasi lopanda kanthu palibe chobisika. Mukapereka chakudya chambiri, mawa lake mudzachipeza chili mbwee pansi, ndipo simudzafunanso munthu wokuuzani kuti muchepetse. Nsomba zizipatsidwa chimene zingamalize m'mphindi ziwiri basi. Ndowe zimasonkhana pakona imodzi, mumazikoka ndi kapaipi kofewa m'kanthawi kochepa. Nsomba ikadwala, ndowe zake zimasintha maonekedwe, ndipo mumaona msanga. Anthu amene amaswetsa nsomba zogulitsa amakonda kulerera tiana m'mathanki opanda kanthu pansi pa chifukwa chomwechi.

Tiyeni tiwerengenso masamu pang'ono. Thanki ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 kutalika kwake imalowa malita 54, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mukayala timiyala tokwera masentimita 5, tatenga malo a 60 × 30 × 5, omwe ndi malita 9. Timiyala tochuluka choncho timalemera makilogalamu oposa 13. Ndi katundu woti mugule kapena mutute, mutsuke, ndipo holide ikafika n'kufunika kusamutsa thanki, mumunyamulenso.

Palinso nkhani ya mtundu wa mwala. Timiyala tina n'ta laimu, timasungunuka pang'onopang'ono n'kumakweza pH ya madzi. Mwala uliwonse umene mukufuna kuika m'thanki, yambani mwaudonthezera viniga. Ukachita thovu, muli laimu.

Zomera zake ndi izi

Pali magulu atatu amene safuna kubzalidwa.

Gulu loyamba ndi la zomera zogwira pamwala kapena pamtengo. Amene munakwerapo phiri la Zomba kapena la Mulanje munaona zomera zikumera pa makungwa a mitengo ndi pa miyala ya m'mbali mwa mitsinje, popanda dothi. M'madzinso zilimo zotere. Anubias amachokera kumitsinje ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, monga ku Cameroon ndi ku Nigeria. Masamba ake ndi olimba, ndipo amakonda mthunzi. Java fern amachokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo ana ake amamera pa masamba akale, mumangowathothola n'kuwamangirira pena. Bolbitis heudelotii amamera pa miyala ya m'mitsinje yothamanga ya mu Africa muno. Java moss alibe mizu yeniyeni, amangokakamira ndi timaulusi take.

Zitatu zoyambazo zili ndi tsinde lokwawa cham'mbali ngati la jinja, lomwe m'kalasi mumalitcha rhizome. Masamba amatuluka pamwamba pake, mizu kunsi. Lamulo lake ndi limodzi: rhizome isakwiriridwe. Ikakwiriridwa imasowa mpweya n'kuwola. Anubias ambiri amene amafa m'mathanki amafa chifukwa chakuti mwiniwake anawabzala m'timiyala ngati mbande za tomato. Chofunika n'kutenga mwala umodzi kapena phale la mphika wadothi wootcha bwino, losakhudzidwapo ndi sopo kapena mafuta, n'kugoneka rhizome pamwamba pake, n'kukulunga ndi ulusi wosokera kawiri kapena katatu, osathinitsa. Pakatha milungu ingapo mizu imagwira yokha, ulusi wathonje n'kuwola. Mukafuna kutsuka pansi, mumangonyamula mwala ndi chomera chake chomwe.

Zomera zimenezi zimakula mwaulesi. Anubias amatha kutulutsa tsamba limodzi lokha pa milungu ingapo. Musamuvutitse ndi kumusunthasuntha. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gulu lachiwiri ndi la zolenjekeka ndi zoyandama, monga hornwort uja ndi duckweed, timasamba tating'onoting'ono tobiriwira timene timaphimba zithaphwi. Izi ndiye zimakula msanga, choncho ndi zimene zimachotsa nayitrojeni wambiri. Muziziwola sabata iliyonse kuti zisaphimbe pamwamba ponse, chifukwa zikatero zapansi zimasowa kuwala.

Gulu lachitatu ndi limene aliyense angalipeze lero lomwe: zomera za pamtunda zongoviika mizu. Kanthambi ka kholowa kaja kakolekeni pamlomo wa thanki, masamba kunja, kumunsi kwake m'madzi. Mizu imatambasuka m'madzimo, tinsomba n'kumabisalamo, ndipo kholowayo amayamwa nitrate mwamphamvu chifukwa carbon dioxide akumupeza mosavuta mumpweya. Pothos, chomera choyanga chija anthu amaika m'mabotolo m'nyumba ndi m'maofesi, amachitanso chimodzimodzi. Masamba ake okha asamire.

Zonsezi zimafuna kuwala kwa maola 6 mpaka 8 patsiku. Babu ya LED yoyera ikwanira, kapena malo owala a pafupi ndi windo. Dzuwa lisawombe thanki mwachindunji, chifukwa madzi amatentha ndipo ndere zimaphimba galasi lonse. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo ena. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, choncho ayambe agona m'ndowa yosavundikira kwa tsiku lathunthu. Amene mwachotsawo musataye, kathirireni ndiwo zamasamba, ali ndi nitrate. Masamba atsopano akamatuluka achikasu, nthawi zambiri ndiye kuti ayironi wachepa, ndipo tizibowo pa masamba akale timasonyeza kuchepa kwa potaziyamu. Popeza mulibe dothi losokoneza, m'thanki yotere n'kosavuta kulondola chimene chasowa.

Otsutsa ali ndi mfundo, tiwamve

Anthu amene akhala akuweta nsomba kwa zaka zambiri adzandiuza kuti timiyala ndi nyumba ya mabakiteriya aja. Akunena zoona. Kamwala kalikonse kali ndi malo amene mabakiteriya amakakamirapo, ndipo mukachotsa timiyala mwachepetsa malowo. Koma mabakiteriya sasankha. Amakhala pa galasi, pa masamba, pa mapale, ndipo koposa zonse m'siponji ya fyuluta, mmene madzi okhala ndi okosijeni amadutsa usana ndi usiku. Fyuluta ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya imakwanira thanki ya malita 54 yokhala ndi tinsomba tochepa. Potsuka siponjiyo muziifinyira m'madzi amene mwachotsa m'thanki. Mukaitsukira pampopi, klorini amapha mabakiteriya amene mwawadikirira mwezi wathunthu.

Adzanenanso kuti zomera zina zimadyadi ndi mizu. Zoonanso. Vallisneria, udzu wautali ngati maliboni umene umamera pamchenga m'malo osaya a nyanja ya Malawi, umafuna pozika mizu. Amazon sword ndi Cryptocoryne nawonso chimodzimodzi. Ngati mwazikonda zimenezi, zibzaleni m'kamphika kadothi kapena m'kapu yodula, muikemo dothi pang'ono pansi ndi mchenga pamwamba, kamphikako mukakhazike pa galasi. Chomera chapeza chake, inunso pansi panu pakadali poonekera.

Mfundo yachitatu ndi yakuti galasi lonyezimira pansi limasowetsa nsomba mtendere. Yalani pepala lakuda kapena nsalu yakuda kunsi kwa thanki, kunja kwake, kunyezimirako kuchepa.

Yachinayi ndiye ndikuivomera yonse. Pali nsomba zimene moyo wake ndi kufukula mchenga. M'nyanja yathu muli mitundu yambiri imene imabwira mchenga m'kamwa, n'kusefa tizilombo, n'kuulavula. Nsomba yotere kuiika pa galasi lopanda kanthu n'kuilakwira. Ngati mukufuna kuweta zimenezo, ikani mchenga. Koma imeneyo ikhale thanki yanu yachiwiri, mutadziwa kale kuwerenga madzi.

Nanga mbuna, zimene zatchukitsa nyanja ya Malawi m'masitolo a nsomba kuyambira ku London mpaka ku Tokyo? Kwawo ndi kumiyala, monga ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kumene zimapala ndere pamwala. M'thanki zimakumba pansi ndi kuzula chilichonse chobzalidwa, ndipo masamba ofewa zimadya. Oweta mbuna akafuna chobiriwira amathamangira kwa Anubias ndi Java fern omangirira pamwala, chifukwa sizizulika ndipo masamba ake ndi olimba. Komabe mbuna zimalimbirana malo ndipo zimafuna thanki yaikulu, ya malita 200 kapena kuposa. Pa malita 54, yambani ndi zomera zokha, muziponyamo kachakudya ka nsomba pang'ono kuti mabakiteriya apeze poyambira, ndipo pakatha mwezi muikemo tinsomba tating'ono tochepa monga guppy.

Kumbukiraninso kuti usiku photosynthesis imaima, koma zomera zimapitiriza kupuma, kulanda okosijeni yemweyo amene nsomba zikufuna. Magetsi akazima usiku pampu n'kuima, thanki yodzaza nsomba imapezeka pamavuto m'bandakucha. Nsomba zochepa ndiye chitetezo chanu.

Zinthu ziwiri zimene sindikufuna muziiwale

Choyamba ndi likodzo. Mukamva kuti hornwort ndi duckweed zimapezeka m'madambo ndi m'mitsinje, mtima udzafuna kukazitola nokha. Koma pa zomera zomwezo ndi pamene pamakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, monga za mtundu wa Bulinus. Tizilomboto timatuluka m'nkhono n'kulowa pakhungu la munthu amene ali m'madzi. Nkhono imodzi yokhala ndi tizilombo ikalowa m'thanki ya m'kalasi, aliyense wopisamo dzanja ali pangozi. Njira yabwino ndi kupempha kanthambi kwa munthu amene ali kale ndi thanki. Ngati kalabu yanu yasankha kukatola, mupite ndi aphunzitsi, musalowe m'madzi, mukokere zomerazo kumtunda ndi ndodo, ndipo muvale magolovesi. Mukafika nazo, zisungeni m'ndowa yapadera kwa milungu ingapo, mukuchotsa nkhono iliyonse ndi timazira take, tija timaoneka ngati kadontho konanda kunsi kwa tsamba. Wina akaona magazi m'mkodzo apite kuchipatala msanga, mankhwala ake alipo, praziquantel.

Chachiwiri ndi kotaya zomera zikachuluka. Namasupuni mumamudziwa. Kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa m'mayiko ambiri chifukwa chokopeka ndi maluwa ake. Akapeza madzi ofunda okhala ndi michere, amatha kuchuluka kawiri m'milungu iwiri yokha. Lero ali mu mtsinje wa Shire. Pamodzi ndi zomera zina zoyandama, amatseka njira za mabwato, amachepetsa okosijeni m'madzi, ndipo amasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, moti pa baraji ya ku Liwonde pamakhala ntchito yotchinga ndi kuvuula zomerazi. Ku nyanja ya Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, chomera china choyandama cha ku South America komweko, Salvinia molesta, chinaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, mpaka anthu anachipatsa dzina lakuti Kariba weed. Mphamvu imene imachititsa zomera zoyandama kukhala zothandiza m'thanki, yokula msanga popanda dothi, ndi yomweyo imene imazichititsa kukhala zoopsa mumtsinje. Namasupuni ndi Salvinia musaziike n'komwe m'thanki yanu. Chilichonse chimene mwawola m'thanki, chiyanikeni padzuwa mpaka chiume gwa, kenako chipite pa manyowa. Guppy nazonso si zakuno, musakazitaye mumtsinje kapena m'ngalande. Madzi akatayika saoleka.

Yesani nokha

Musangokhulupirira chifukwa ndanena ine. Sayansi siyenda choncho. Tengani mabotolo atatu ofanana. Loyamba muthire madzi a mvula, lachiwiri madzi a mvula ndi timiyala totsuka bwino, lachitatu madzi ochokera m'thanki kapena m'damu la nsomba, popanda timiyala. Ngati ndi a m'damu, atungidwe ndi chitini chomangirira kundodo ndipo ayambe akhala masiku atatu musanawagwire. M'botolo lililonse muikemo kanthambi ka kholowa kotalika mofanana, ka masamba ofanana kuchuluka. Mabotolowo muwakulunge ndi pepala kuti ndere zisamere, muwaike pawindo limodzi, ndipo madzi akamachepa muziwonjezera a mtundu womwewo. Lachisanu lililonse muziwerenga masamba, kuyeza kutalika ndi rula, ndi kulemba mtundu wa masambawo m'kope.

Musanayambe, aliyense m'kalabumo alembe papepala botolo limene akuganiza kuti lipambana, ndi chifukwa chake. Mapepalawo muwapatse aphunzitsi asunge. Pakatha milungu 6 muwatsegule, muyerekeze ndi zimene rula yanena. Botolo la timiyala likapambana la madzi a nsomba, mundilembere m'munsimu ndi manambala anu onse, tidzaunikire limodzi.